Ku Yellowstone Diso Lisanazime

Lolemba, 19 Ogasiti

Tinali ku Indianapolis, kwa dokotala wa maso. Anatiyendetsa ndi a Chester a kumpingo. Ine msewu waukulu ndimauopa, ndipo bambo a Belinda anasiya kugwira chiwongolero mu Meyi.

Nkhani si yabwino. Diso lawo lakumanzere lapita, limenelo tiiwale. Lakumanja likuona pang'ono, koma shuga wayamba kulidya nalonso. Ajakisoni apitirire, opaleshoni mu Okutobala. Kaya ithandiza, kaya ayi. Dokotalayo ndi mayi wofatsa ndipo sanatinamize. Ndamukondera chimenecho. Eni ake anangoti, "Zikomo adokotala," ngati awapatsa mphatso.

Pobwerera kwathu ku South Bend tinadutsa chikwangwani cholozera ku Beech Grove. Mwana wathu amakhala komweko, ife n'kudutsa ngati sitinabereke. Anandilumbiritsa kale amuna angawo, a Mervin, kuti Belinda asadziwe za maso. Chiyambireni kukhala ndi mzungu wake uja, Gray, popanda ukwati, bambo ake salankhula naye bwino. Mkulu wa mpingo, manyazi. Gray ameneyo sanamuonepo ngakhale kamodzi. Akuti sakufuna mwana abwere kwa iwo chifukwa chomva chisoni. Amuna!

Tinaima pa Lafayette Road kugula ufa ndi nsomba zouma. A Mervin anatola chitini cha penti wa tsitsi kuyesa ndi tomato. Ndinachibweza mwakachetechete.

Tili pakati pa ulendo, anangoyamba okha: "Zaka zonse zija ku Ntcheu ndinkaphunzitsa ana za Yellowstone. Choko m'manja, kujambula madzi otentha akutumphuka pansi, ine mwini wake osawaonapo. Ndikufuna ndikawaone." A Chester anaseka, kuyesa nthabwala. Ine sindinaseke. Mawu amenewo ndimawadziwa.

Lachinayi, 22 Ogasiti

Shifiti ya m'mawa. Agogo a m'chipinda chakumapeto anandilavulira phala, kenaka n'kundipsompsona dzanja. Ntchito yosamalira okalamba ndi choncho.

Pa nthawi yopuma ndinayang'ana mapu pa foni. Kutali! Masiku angapo pamsewu. Ndege n'zosatheka, chisiyireni iwo ntchito ku fakitale ya ku Elkhart tikudalira malipiro anga okha. Ngakhale titakwera ndege, kumeneko n'kofunikabe galimoto ndi woyendetsa.

Chawezi, mnzanga wa kuntchito, wavomera kunditengera mashifiti. Sanafunse zambiri. Mulungu amudalitse mtsikana ameneyu.

Ndinaimbira Belinda. Ine m'Chichewa, iye m'Chingerezi, monga mwa nthawi zonse. Ndinati bambo ako akufuna kukaona paki. Iye, "Dadi? Paki? Munthu wokana kupita ngakhale ku Chicago?" Ndinati ukalamba. Bodza loyamba.

Akuti mtunda umenewo sangadraive yekha. Gray abwere, ndipo galimoto yake ndi yaikulu. "Akabwera Gray ndibwera. Apo ayi, ayi." Mwana wa bambo ake ndithu.

A Mervin sindinawauze za Gray. Ndangowaphikira nkhuku.

Lamulungu, 25 Ogasiti

Ndawauza titachoka ku tchalitchi. Anali akupukuta nsapato, nsapato yoti yawala kale. Anapukutabe. Patapita nthawi: "Galimotoyo ndi yake?" Ndinati inde. "Ndiye ine ndidzakhala kumbuyo."

Inde wawo ndi ameneyo.

Ku tchalitchi anawapatsa kuti awerenge Salimo. Anatsegula Baibulo, n'kulakatula pamtima. Palibe anazindikira. Tsamba limene anatsegulalo linali la Yobu.

Loweruka, 7 Sepitembala

Pa motelo, ku Minnesota. Msana!

Anatitenga m'mawa pakhomo. Gray ndi wamtali, ndevu zofiirira, manja okhakhala. Amakonza makina otenthetsa ndi oziziritsa m'nyumba. Anavula chipewa, n'kupereka moni ndi manja awiri: "Muli bwanji, bambo." Belinda wamuphunzitsa. Dzanja la a Mervin linaphonya pang'ono, iye n'kulitsatira mofulumira. Iwo anayankha m'Chingerezi chawo cha aphunzitsi chija, chozizira ngati madzi a m'mtsuko.

Belinda wawonda. Tsitsi wameta. Anakumbatira bambo ake mwa m'mbali.

Chicago, magalimoto thothotho. Ndinatseka maso mpaka tinatulukamo.

Tsopano zoseketsa. Tafika pa motelo, zipinda ziwiri. A mkulu wa mpingo akuimirira pakati: "Ine ndilipo, osakwatirana sagona chipinda chimodzi. Akazi kwawo, amuna kwawo." Belinda anafuna kuphulika. Gray anangonyamula chikwama chawo n'kutsogola. Pamenepo m'pamene anazindikira kuti adziponya okha m'chipinda ndi munthu amene sakumufuna. Nkhope yawo! Ndinaluma mlomo.

Koma mtima uli m'mwamba. Ndine ndimawaikira zovala, mswachi, mankhwala, chilichonse pamalo pake. Jakisoni wa shuga amatha okha, amawerengera ndi khutu kachipangizo kakamalira. Nanga zinazo?

Lamulungu, 8 Sepitembala

South Dakota. Chimanga chatha, kwatsala udzu ndi thambo. Dziko lopanda munthu, lopanda ngakhale mbuzi. Malo onsewa kungokhala! Kwathu ku Karonga anthu akukanganirana kadimba.

Aphunzitsi adzuka lero. Kuchokera kumbuyo akufotokoza za mtsinje wa Missouri, za mphepo, za miyala. Belinda akungoti ehe, ehe. Amene akumvetsera ndi Gray, mafunso ake enieni. Koma samuyankha iye. Amati, "Belinda, umuuze kuti pansi pa paki yonseyo pali moto." Onse m'galimoto imodzi, onse akumva Chingerezi.

Pothira mafuta Gray ananditsatira m'sitolo. Amanditchula Mama. Anayang'ana uku ndi uku, n'kunena motsitsa kuti m'mawa bambo anapaka mankhwala ometera ndevu pa mswachi, ndipo anafufuza chitseko cha bafa ndi manja. "Sakuona bwino, si choncho?" Ndinavomera. Ndinamupempha asamuuze Belinda. Anaganiza. Akuti, "Sindiyambitsa ine. Koma akandifunsa, sindimunamiza."

Ndinachita manyazi pamaso pa mwana wa eni.

Wagula katochi, akuti aziika pafupi ndi khomo la bafa. Sananene kwa iwo. Angokayatsa basi.

Lachiwiri, 10 Sepitembala

Tafika! Dzulo sindinalembe, mapiri a ku Wyoming anandizunguza mutu.

Chinayamba kutilandira ndi fungo. Mazira ovunda. Belinda anatseka mphuno, ine misozi. Ndi fungo la pa Chiweta, pamene basi yopita kwathu inkaima, azimayi akuchapa m'madzi otentha otuluka pansi. Sindinayembekeze kukumana ndi kwathu kuno.

Nthunzi paliponse, m'nkhalango, m'mbali mwa mtsinje, ngati anthu akuwotcha makala. Matope akubwata okha ngati phala. Kuzizira koopsa, ine ndi majuzi awiri.

Masana tinapita pa kasupe wotchuka uja, Old Faithful. Anthu mazana pa mabenchi, mafoni m'mwamba. Kumwamba mitambo yoyera yokhayokha. Tinadikira. A Mervin atavala jekete la suti, ngati akupita kukalandira satifiketi. Madzi anayamba kudumphadumpha, kubwerera, kudumphanso, kenaka phuu! Mpaka kumwamba. Anthu kukuwa.

Nditacheuka, iwo akuwomba m'manja, akumwetulira, nkhope italoza cha kumbali pang'ono, kumene kunalibe kanthu.

Belinda anali kujambula, sanaone. Gray anaona.

Madzulo tikuyenda awiri kupita kodyera a Mervin anandiuza. "Mayi, ndinangomva phokoso. Ngati mvula pa malata. Zoyera pa zoyera, palibe chimene ndinaona." Ndinati tibweranso. Akuti, "Ndachedwa, Tusekele." Dzina langa salitchula kawirikawiri.

Chakudya chodula, chosakoma. Mawa tidya buledi wathu.

Lachitatu, 11 Sepitembala



Tinapita kumene kuli maiwe otentha ambiri. Anthu amayenda pa kanjira ka matabwa, kopanda chogwirira. Iwo omwe ndiwo anatichenjeza m'galimoto kuti nthaka ya pamenepo ndi chikhungwa chabe, pansi pake madzi owira, munthu akaponda amalowa. Ndinawagwira mkono njira yonse, ngati achikondi. Belinda mpaka anaseka kuti takalamba bwino.

Mphepo inatembenuka, nthunzi yonse pa ife. Chipewa changa chinauluka. Ndinawasiya kuti ndichigwire. Chipewa! Kanjira kanakhota, iwo anapitirira molunjika. Ndinaona phazi lili m'malere, kunja kwa thabwa.

Gray anawagwira lamba kumbuyo n'kukoka. Onse awiri chagada pa matabwa, iwo pamwamba pake. Mayi wina anakuwa. Magalasi awo anagwera kumene phazi likanaponda, ndipo ali komweko mpaka pano.

Ndinayesa athokoza. Ayi. "Ndisiye! Kodi ndine mwana?" Anamukankha. M'Chichewa, koma Gray anamva.

Belinda anagwada patsogolo pawo. "Dadi, simunaone kuti njira yakhota?" Anatambasula dzanja patsogolo pa nkhope yawo n'kufunsa kuti zala zingati. Iwo anapendeketsa mutu kufuna kuonera pakona pa diso lakumanja. Anthu akutidutsa mbali zonse.

Anayang'ana ine. Anayang'ana Gray, n'kumufunsa ngati ankadziwa. Gray anati kuyambira Lamulungu. Belinda anadzuka n'kumapita ku galimoto osacheuka.

M'chipinda wandiuza mawu. Sindilemba onse. Amene andibaya ndi awa: "Mwabwera kangati ku Indianapolis osandiuza? Munkadutsa pakhomo panga ndi munthu wina, ine ndilipo?" Ndinati anandiletsa ndi bambo ako. Akuti, "Ndinu mayi anga inunso, si mkazi wawo chabe."

Zoona zake n'zomwezo.

Dzanja la Gray latupa pa mfundo. Akuti palibe kanthu. Ndamumanga ndi mpango wanga.

Lachinayi, 12 Sepitembala

M'mawa chipale chofewa pang'ono. Pa tebulo aliyense ndi kapu yake, palibe woyang'ana mnzake. Belinda akuti tibwerere lero, munthu wodwala sayenda m'malo otere. Bambo ake osatsutsa. Zimenezo n'zimene zinandiopsa, a Mervin osatsutsa.

Gray anati potuluka tidzere njira ya kuchigwa, si yotalika kwambiri. Belinda ndiye anadraiva, poti dzanja la mnzakeyo silikugwira.

Kuchigwa magalimoto onse anaima. Njati. Osati khumi, gulu lonse, likuwoloka msewu mosafulumira ngati msewuwo ndi wa agogo awo. Zazikulu mutu, ubweya m'mapewa, kumbuyo kowonda. Yamphongo imodzi inabwera kudzaima pambali pathu, pa zenera la bambo a Belinda penipeni. Yakuda bii, kumbuyo kwake chipale choyera. Mpweya wake kuchita nthunzi pagalasi.

Ndinamva, "Mayi! Ndikuiona! Nyanga iyi, diso ili, ili ndi ndevu ngati mbuzi!" A Mervin, mawu ngati a kamnyamata. Anayamba kufufuza batani kuti atsegule zenera, Gray n'kufulumira kuuza Belinda akhome. Iwo kuseka, chikhatho chili pagalasi. Njatiyo inawayang'ana, inafwenthera, n'kumapita.

Belinda mutu pa chiwongolero, mapewa akugwedezeka. Akumbuyo kuliza mahutala. Palibe anasamala.

Tinaima pamalo opumira. Belinda anatsegula chitseko cha bambo ake, n'kuwagwira mkono, osabisanso, mpaka pa benchi yoyang'ana kumtsinje. Anakhala nthawi yaitali. Zimene anakambirana sindikuzidziwa. Ndinaona iye akuloza chala, iwo ataweramitsa mutu. Kenaka iwo akulankhula, iye akupukuta m'maso. Ndinafuna kupita, Gray anati, "Mama, tidye buledi."

Tinadya buledi ndi chiponde pa boneti. Anandiuza kuti bambo ake anamwalira iye ali ku pulayimale. Anadwala chaka chathunthu osauza ana. Akuti mpaka lero amawakwiyira pang'ono. Ananena akutafuna, osandiyang'ana.

Sitinatuluke m'paki. Belinda anatembenuza galimoto. Ndi ine sakulankhulabe bwino. Wandibwereka sopo, basi.

Lachisanu, 13 Sepitembala

Kumwamba kwayera mbee, mtambo ngakhale umodzi. Tsiku limene ndidzalikumbuke.

Tinakwera kaphiri kukaonera pamwamba dziwe lina lalikulu la mitundumitundu. Belinda kutsogolo, dzanja la bambo ake paphewa pake, akuwauza: mwala, muzu, kwerani. Iwo kumvera. Ine kumbuyo, wefuwefu.

Tinafika pamwamba. Iwo anasuzumira, anapendeketsa mutu, akuti akuona chozungulira chowala, basi. Kenaka anatembenukira kwa Gray, kwa iye mwini, koyamba chiyambire ulendo: "Iwe, tandiuza mitundu yake." Gray anafiira makutu. Akuti pepani bambo, ine chibadwire sindisiyanitsa chofiira ndi chobiriwira.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye watiyendetsa dziko lonseli bwanji? Pa maloboti umatani?" Akuti lakumwamba ndi ima, lapansi ndi pita. "Ambuye! Wakhungu kutsogolera wakhungu mnzake!" Ngakhale Belinda anaseka.

Ndiye zinagwera Belinda. Anayamba m'Chingerezi, iwo anati, "Ayi. M'Chichewa." Mwana amene anasiya kutiyankha m'chinenero chathu ali ku sukulu ya mkaka. Ndilembe mmene ananenera, ndisadzaiwale:

"Pakati ndi ngati kumwamba, koma kwambiri. Kenaka ngati masamba a mpiru. Kenaka ngati dzira, mkati mwa dzira. Kunja ngati papaya wakupsa. Ndipo papayayo akuthawa, ali ndi miyendo yambiri."

Anati, "Wakhoza." Mawu aja ankauza ana a sukulu. Anavula chipewa, sindikudziwa chifukwa chake.

Titatsika tinapeza kadziwe kena kakang'ono, kabata, kopanda anthu ambiri. Anatiuza tikhale pansi pa matabwa, tikhale chete. Ndinayesa atopa. Kenaka ndinamva m'matako: gu, gu, gu. Pansi pakugunda ngati wina akusinja kutali. Anafotokoza kuti ndi nthunzi imene ikufufuma pansipo n'kuphwa ikakumana ndi madzi ozizirirapo. Banja lina la Amwenye linaima kumvetsera, kenaka azungu awiri okalamba. Anafunsa mafunso, iwo kuyankha, dzanja likujambula m'malere ngati pali bolodi. Fakitale ija inandibisira mwamuna ameneyu zaka zambiri. Ndinali nditamuiwala.

Chakumadzulo tinabwereranso pa Old Faithful. Gray anazungulira kufuna malo oti dzuwa likhale kumbuyo kwathu, madzi akatumphuka kumbuyo kwake kukhale thambo. Tinaima, sitinakhale. Itaphulika sindinayang'ane madzi, ndinayang'ana iwo. Nkhope inakwera pang'onopang'ono, kutsatira. Sanawombe m'manja.

"Ndaona chinthu choyera chikukwera," anatero. "Chosaoneka bwino. Koma ndachiona. Chimene ndinkajambula chija chinali chachifupi."

Kubwerera ku galimoto Belinda anandikoleka mkono. Sananene kuti wandikhululukira. Anangoti ndikuzizidwa.

Lamulungu, 15 Sepitembala

Panjira. Nebraska, akutero. Zonse zofanana.

Lamulo la zipinda silinasinthe, ndipo palibe akudandaula. Andiuza kuti mnyamata uja amaliza mkonono ngati thirakitala. Kenaka, "Koma nsapato amandiikira pamalo amodzi tsiku lililonse." Za pa matabwa zija sanathokozebe. Ndinawakumbutsa. Akuti, "Ndikudziwa, mayi. Musandiphunzitse."

Tinapemphera m'galimoto. Anapempherera dzanja la Gray, kutchula dzina.

Belinda walemba pa foni yake masiku onse a kwa dokotala. Akuti a Chester apume.

Lolemba, 23 Sepitembala

South Bend. Ntchito, mapazi otupa, makalata a chipatala ali mulu pa tebulo. Sindinatsegule. Chawezi ndamubweretsera kanjati ka pulasitiki, wakaika pa galimoto yake.

Dzulo ku tchalitchi anawapatsanso kuwerenga. Anaimirira opanda Baibulo. Anauza mpingo wonse kuti maso awo akutha, akhala akubisa, wina aziwerenga iwo azifotokoza. Titatuluka azimayi anandizinga, ena kundidzudzula kuti ndinasenza ndekha, ena kufunsa tsiku loti abweretse chakudya. Ndalira m'bafa ya ku tchalitchi ngati mwana.

Kunyumba amangokamba za njati. Aliyense woimba foni kuchokera kumudzi, njati. Ikukulirakulira tsiku ndi tsiku. Pofika Khirisimasi idzakhala njovu.

Lachinayi, 17 Okutobala

Indianapolis. Opaleshoni yachitika. Dokotala akuti inayenda mmene amafunira, koma zenizeni tidziwa akamasula bandeji mawa, mwinanso patapita masabata. Pakali pano mdima wokhawokha, diso lina lakufa, lina lomangidwa. Ayenera kugona chafufumimba masiku angapo. Ulendo wa ku South Bend sangauthe, ndiye tili kwa Belinda. Gray wabwereka mpando wapadera woti azitsamirapo nkhope, wauika pabalaza.

Ndikuopa. Ndilembe poyera: ndikuopa kuti mawa adzamasula n'kupeza palibe kanthu. Sindinauze munthu.

Potuluka m'chipatala anakana njinga ya odwala atafika pakhomo. Ine ndinawagwira mbali iyi, Belinda mbali iyo. Anaima. "Inu awiri mukundikoka ngati mbuzi yopita ku msika. Ali kuti mkamwini wanga? Andigwire iyeyo."

Ndinayesa ndi mankhwala ogonetsa aja. Gray anali ataima poteropo ndi makiyi, osadziwa kuti akunena iye. Ndinamukodola. Anabwera, iwo n'kupeza phewa lake, n'kumapita awiriwo pang'onopang'ono mpaka pa galimoto.

Nditawagoneka ndinafunsa ngati akukumbukira zimene ananena. Nkhope ili pansi, mawu akutulukira mu pilo: "Ndikukumbukira. Koma mawu amenewo si aulere. Muwauze apeze ankhoswe, ndipo asachedwe. Ndikufuna ndidzaone kena kake pa tsikulo, ngakhale choyera chokha."

Ndabwera kukhitchini kuti ndilembe. Mpunga uli pamoto. Belinda walowa, waima pa furiji, akuti Gray akufunsa kuti mkamwini ndi chiyani, ndipo iyenso sakudziwa, kodi ndi mawu otukwana? Ndamuuza amuitane, akhale pansi onse awiri. Ndiyambira pati kaya.